Henri Mignet, Mmisiri wa Ndeke ya Amphawi

Ambiri a ife tikaona ndeke irikudutsa pamwamba pa mudzi timayesa kuti cinthu cotere cingapangidwe ndi boma kapena makampani olemera okha. Ku France kunali munthu wina, dzina lace Henri Mignet, amene anakana maganizo amenewa.

Mignet anabadwa m'caka ca 1893, ndipo pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse anagwira nchito ya wailesi m'gulu la asilikali. Mtima wace unali pa kuuluka, koma kuyendetsa ndeke za masiku amenewo kunambvuta, popeza manja ndi mapazi zinayenera kugwira nchito pamodzi. Motero anatsimikiza kupanga ndeke yosabvuta kuyendetsa, imene mmisiri wa matabwa angaikhome kunyumba kwace ndi ndalama zocepa.

Anatenga matabwa opepuka, nsalu, guluu ndi injini ya njinga yamoto. Anaika mapiko awiri, lina kutsogolo lina kumbuyo. Phiko lakutsogolo linali kupendekeka woyendetsa akakoka ndodo, ndipo ndodo yomweyo inali kukhotetsa ndeke. Pa 10 September 1933 kandeke aka, kochedwa HM.14, kanauluka. Dzina lace lina linali Pou-du-Ciel, ndiko kuti Nsabwe ya Kumwamba.

Nzeru zace sanazibise. M'caka ca 1934 anatulutsa buku lochedwa Le Sport de l'Air, lofotokoza mapangidwe onse, ndipo mu 1935 anaoloka nyanja ndi kandeke kace kupita ku England. Anthu mazana anayamba kukhoma ndeke zao.

Koma cimwemwe cinasanduka maliro. Mu 1935 ndi 1936 anthu angapo anagwa ndi ndeke zimenezi nafa. Akatswiri a ku France ndi ku England ataiyesa m'nyumba youziramo mphepo, anapeza cilema cace. Ndeke ikalozetsa mphuno pansi kwambiri, woyendetsa nakoka ndodo kuti aiwongole, mphepo yocokera ku phiko lakutsogolo inali kunyamula phiko lakumbuyo, ndipo mphuno inali kuloza pansi koposa. Maboma analetsa kuulutsa ndekezo.

Mignet sanataye mtima. Anakonzanso mapiko ndi kakhalidwe kao, cilemaco cinatha, ndipo anapitiriza kupanga ndeke zatsopano ku America, Argentina, Brazil, Japan ndi Morocco. Anamwalira ku Pessac, pafupi ndi Bordeaux, m'caka ca 1965. Mpaka lero alipo anthu amene amakhoma ndi kuulutsa ndeke za mtundu wace.

Awerengi, moyo wa bambo ameneyu utionetsa kuti umphawi suletsa luso. Utikumbutsanso kuti cinthu conyamula moyo wa munthu ciyenera kuyesedwa ndi odziwa cisanapatsidwe kwa anthu, pakuti amene anafa aja anakhulupirira buku limene mwini wace sanadziwe kuti muli colakwa.