Ida Scudder: Usiku Umene Unasintha Moyo Wake

Amai anzanga, Ida Scudder anabadwa m'caka ca 1870 ku India, kumene atate ake anali dokotala wa mishoni ya Reformed Church in America. Ali mtsikana sanafune nchito ya makolo ake, cifukwa njala ndi matenda zimene anaona ali mwana zinamufooketsa mtima.

Usiku wina, atabwera kudzadwazika amai ake, amuna atatu anagogoda pakhomo mmodzimmodzi, aliyense mkazi wake akuvutika pobereka. Mwambo sunalole kuti dokotala wamwamuna awaone, ndipo Ida anali asanaphunzire udokotala. Kutaca, azimai onse atatu anali atamwalira. Pomwepo anatsimikiza mtima.

Mu 1895 analowa sukulu ya udokotala ya akazi ku Philadelphia, natsiriza ku Cornell mu 1899, m'gulu loyamba lokhala ndi akazi. Mu 1900 anayamba nchito ku Vellore m'kacipinda ka bedi limodzi, ndipo atate ake anamwalira caka comweco. Mu 1902 anatsegula cipatala ca mabedi 40, kumene anali kucita maopaleshoni.

Poona kuti manja ake okha sakwanira, mu 1918 anayambitsa sukulu ya madokotala acikazi, imene lero ndi Christian Medical College. Anamwalira mu 1960.

Mwana wamkazi akati afuna udokotala, tisamubweze. Timulimbikitse pa sayansi ndi masamu, pakuti amai ena adzapulumukira m'manja mwake.