John Bell, mnyamata wa ku Belfast amene anathetsa mtsutso wa akatswiri

M'kalata ino tione moyo wa John Stewart Bell. Iye anabadwa pa 28 July 1928 mumzinda wa Belfast ku Northern Ireland, m'banja losapeza bwino. Mwa ana anayi a m'banjamo, ndi iye yekha amene anapitiriza sukulu atakwanitsa zaka 14. Mu 1944 analowa ntchito yothandiza m'labotale ya Queen's University. Aphunzitsi ataona khama lake anamubwereka mabuku ndi kumulola kumvetsera nawo maphunziro. Pofika 1949 anali ndi madigiri awiri a fizikisi, ndipo mu 1960 iye ndi mkazi wake Mary anayamba ntchito ku CERN, ku Geneva.

Nthawi imeneyo panali mtsutso umene Einstein, Podolsky ndi Rosen anauyambitsa mu 1935. Tinthu tiwiri ting'onoting'ono, monga ta kuwala, tikhoza kulumikizana kotero kuti ukayeza kamodzi umadziwiratu za kanzake ngakhale kali kutali. Asayansi amati entanglement. Einstein ankaganiza kuti zili ngati nsapato ziwiri, ina ku Chirimba ina ku Limbe: ukapeza yakumanzere kuno, inayo ndi yakumanja, ndipo zinali choncho kuyambira kale. Ena ankati ayi, yankho limabadwa pa nthawi yoyezayo. Ambiri ankaona kuti palibe njira yodziwira wolondola.

Mu 1964 Bell anasonyeza kuti njira ilipo. Taganizani ophunzira awiri m'zipinda zosiyana, aliyense akufunsidwa funso losankhidwa mwamaere. Ngati anagwirizana mayankho asanalowe, pali malire a kupambana kwawo. M'mayeso ena otere sangapyole 75 pa 100, koma tinthu tolumikizana timafika pafupifupi 85. Freedman ndi Clauser anayesa zimenezi mu 1972, Alain Aspect mu 1982, ndipo malire a Bell anapyoledwadi. Mu 1989 Greenberger, Horne ndi Zeilinger anakulitsa ganizoli kufika pa tinthu toposa tiwiri.

Lero akatswiri akumanga intaneti ya mtundu watsopano yodalira kulumikizana kumeneku. Mu 2021 ku Delft, ku Netherlands, analumikiza malo atatu. Makina otere ndi okwera mtengo, choncho amayamba ayeserera pa kompyuta. Funso lalikulu n'lakuti anthu angapo otalikirana angatsimikize bwanji kuti alumikizanadi, ndiponso kuti palibe wachinyengo kapena womvetsera mobisa. Imodzi mwa njira zazikulu zoyankhira ndi mayeso a Bell.

Bell anamwalira mwadzidzidzi ku Geneva pa 1 October 1990, ali ndi zaka 62, mtsempha wa mu ubongo utaphulika. Mphoto ya Nobel siperekedwa kwa omwalira. Mu 2022 inapita kwa Aspect, Clauser ndi Zeilinger, amene anayesa zomwe iye analemba.

Bell ankalemekeza kwambiri Einstein, komabe anakonza mayeso amene anadzatsutsa ganizo lakelo. Sanatsatire kukula kwa dzina koma umboni. Inunso nkhani ikakupezani, ya m'buku kapena ya pa WhatsApp, yambani mwafunsa kuti ingatsimikizidwe bwanji. Ndipo amene fizi ikukuvutani musataye mtima: Bell anayambira pa ntchito yothandiza m'labotale.