MARKOS VAMVAKARIS, WOIMBA WA KU DOKO LA PIRAEUS

Ku dziko la Greece kuli nyimbo za mtundu wina zochedwa rebetiko. Nyimbo zambiri za makolo zimabadwira m'midzi, pakati pa alimi ndi abusa. Koma izi zinabadwira m'makomboni a mizinda ya m'mbali mwa nyanja, pakati pa onyamula katundu, othawa nkhondo, akaidi ndi amphawi. Masiku ano Agiriki aziyesa cuma ca mtundu wao, ngakhale kuti kale anthu aulemu ankatseka makutu pozimva, ndipo apolisi ankaphwanya zoimbira zace. Munthu amene moyo wace uonetsa bwino kusinthika kumeneku ndiye Markos Vamvakaris, amene Agiriki amucha kholo la rebetiko.

Ubwana Wace

Markos anabadwa pa 10 May 1905 pa cisumbu ca Syros, m'nyanja ya Aegean. Mudzi wa kwao, Ano Syros, uli pamwamba pa phiri, ndipo kunsi kwace kuli mzinda wa Ermoupoli wokhala ndi doko ndi mafakitale. Agiriki ambiri ali a Mpingo wa Orthodox, koma anthu a pa phiri limenelo ali Akatolika kuyambira masiku amakedzana, pamene akalonga a ku Venice ankalamulira zisumbuzo. Cifukwa ca ici Agiriki anzao anawapatsa dzina lakuti Frangos, ndilo dzina la munthu wa ku Ulaya wa kumadzulo, ndipo Markos anakhala nalo dzinali moyo wace wonse.

Iye anali woyamba mwa ana 6. Atate wace, Domenikos, anali mmphawi wogwira nchito iri yonse imene anaipeza, ndipo pa masiku a maphwando ankaimba citoliro ca thumba la cikopa. Mwanayo ankatsagana nao akuomba kang'oma, ndipo kumeneko ndiko anaphunzira kusunga kugunda kwa nyimbo. M'caka ca 1912 atatewo anatengedwa usilikari kunka ku nkhondo ya ku Balkan. Markos anasiya sukulu atangophunzira zaka zocepa, nalowa nchito pamodzi ndi amace m'fakitale yopota thonje. Pambuyo pace anagulitsa manyuzipepala, napukuta nsapato, nathandizanso m'masitolo a zakudya ndi a nyama.

Tsiku lina, akusewera, anagubuduza mwala waukuru umene unagwera pa denga la nyumba ya munthu. Poganiza kuti apolisi alikumfuna, anakwera sitima ya pamadzi nathawira ku Piraeus, doko lalikuru la mzinda wa Athens. Anacoka kwao akali mnyamata wamng'ono, ndipo zinapita zaka zambiri asanapondenso pa Syros.

Ku Piraeus

Pa doko paja Markos anayamba ndi kusenza malasha ndi katundu wa m'sitima. Atatopa nayo nchitoyo anakalowa ya kusenda zikopa ku malo ophera ng'ombe, ndipo anaigwira zaka zambiri. Madzulo amuna a nchito zotere ankasonkhana m'timisasa tobisika, m'mene ankasuta camba ndi kuimba nyimbo zao motsitsa mau poopa apolisi. Markos nayenso anagwa m'cizolowezi cimeneco, ndipo sanacibisa konse, ngakhale m'nyimbo zace zoyamba ngakhale m'mbiri imene anasimba atakalamba.

Ali komweko dziko linaona tsoka lalikuru. M'caka ca 1922 asilikari a Greece anagonja kwa a Turkey, ndipo mzinda wa Smyrna, umene lero uchedwa Izmir, unapsa ndi moto. M'caka ca 1923 maiko awiriwo anapangana ku Lausanne kusinthana anthu monga mwa cipembedzo cao. Anthu oposa 1,200,000 anafika m'Greece, dziko limene panthawiyo linali ndi anthu ngati 5,000,000 okha. Ambiri a iwo anamanga zithando m'makomboni ozungulira Piraeus, monga Kokkinia ndi Drapetsona. Cuma cao cinatsala kutsidya kwa nyanja, koma nyimbo zao anadza nazo, pamodzi ndi akatswiri a vayolini ndi a zoimbira zina za kum'mawa. Cotero maimbidwe a alendo ndi a eni doko anakomana m'makwalala amodzimodzi.

Capakati pa zaka za m'ma 1920 Markos anamva munthu wina, dzina lace Nikos Aivaliotis, akuimba bouzouki. Ici ndi coimbira ca khosi lalitali ndi mimba yozungulira ngati cipanda codula pakati, ndipo masiku amenewo cinali ndi nsambo 6 zomangidwa ziwiriziwiri. Anthu abwino ankaciyesa coimbira ca akaidi ndi osuta camba. Koma mau ace anamgwira mtima Markos kotero kuti analumbira kudula dzanja lace ngati sadzaciphunzira pa miyezi 6. Analibe mphunzitsi wa sukulu, ndipo zilembo za nyimbo sanazidziwe. Anaphunzira ndi makutu ndi maso, poyang'ana zala za akuru, ndipo miyeziyo isanathe anali atadziwa kuimba.

Kuchuka Kwace

Eni makampani a mbale za galamafoni ku Athens sankafuna kumva za bouzouki. Maganizo ao anasintha m'caka ca 1932, pamene mbale ina ya coimbiraci, yojambulidwa ku New York ndi Mgiriki wokhala komweko, Ioannis Halikias, inagulidwa kwambiri m'Greece. Pamenepo anayamba kufunafuna wodziwa bouzouki, ndipo anampeza Markos. Iye anapita ku kampani ya Columbia ndi mtima wongoimba nsambo, pakuti ankayesa mau ace oipa, osayenera kumveka m'mbale. Akuru a kampaniyo anamkakamiza kuimbanso ndi pakamwa. Mbale zace zoyamba zinajambulidwa m'zaka za 1932 ndi 1933, ndipo mau okhakhala aja, amene mwini wace anacita nao manyazi, ndiwo anakondweretsa anthu a nchito, cifukwa anamva m'menemo munthu wonga iwo.

M'caka ca 1934 anapanga gulu la anthu 4 pamodzi ndi Giorgos Batis, Stratos Pagioumtzis ndi Anestis Delias, mnyamata wothawa ku Smyrna. Gululi linayamba kuimba poyera m'nyumba ya zakumwa ku Piraeus, ndipo linachuka msanga. Kwa nthawi yoyamba bouzouki, pamodzi ndi kamng'ono kace kochedwa baglamas, inaturuka m'timisasa ndi m'ndende nikwera pa nsanja pamaso pa anthu. M'caka ca 1935 Markos anabwerera ku Syros kukaimba, ndipo ulendo umenewo unabala nyimbo yace yodziwika koposa, Frangosyriani, imene itama namwali Wacikatolika wa pa cisumbuco ndi kuchula midzi ndi magombe a kwao.

Kamvedwe ka Nyimbo Zace

Munthu womva nyimbo za Markos nthawi yoyamba angaziyese zouma ndi zolemera, pakuti mulibe zokometsera zambiri. Kuti azimve bwino ayenera kudziwa zinthu zingapo.

Coyamba, nyimbo zambiri ziyamba ndi gawo lochedwa taximi. Pamenepa woimba bouzouki aimba yekha, wopanda kugunda kokhazikika, ndipo apeka pomwepo cimene mtima wace umuuza. Nchito ya taximi ndiyo kukonza makutu a omvera ndi kuonetsa njira imene nyimbo idzayendamo. Oimba rebetiko ali ndi makwerero ambiri a mau, oposa awiri aja ofala m'nyimbo za ku Ulaya wa kumadzulo, ndipo makwererowa awacha dromoi, ndiko kunena njira. Maina a njira zambiri, monga hitzaz ndi ousak, anacokera ku nyimbo za ku Turkey ndi za Aarabu, ndipo njira iri yonse iri ndi mtima wacewace.

Caciwiri ndico kugunda. Magule akuru a rebetiko ali awiri. Zeibekiko ali ndi kugunda 9, kotero kuti womvera wozolowera kuwerenga 4 ayamba wasokonezeka, kufikira atazindikira kuti kugunda kotsirizako kucita ngati kupuma kwa munthu wosenza katundu. Gule ameneyu ankabvinidwa ndi mwamuna mmodzi yekha, atazolika nkhope, manja atatambasula, akuzungulira pang'onopang'ono pa malo ocepa. Ndipo kumlowerera pakati kunali cipongwe cacikuru, pakuti munthuyo anali kubvina cisoni cace. Gule winayo, hasapiko, dzina lace litanthauza gule wa ophera nyama. Iye abvinidwa ndi anthu awiri kapena atatu ogwirana mapewa, oponda mofanana, ndipo aonetsa cibwenzi. Frangosyriani iri m'kugunda kwa hasapiko.

Cacitatu ndiwo mau a nyimbo. Markos ankapeka mizere yaifupi yoyenda iwiriiwiri, m'cinenero ca m'makwalala. Anaimba za umphawi, za ndende, za nchito ya pa doko ndi ya kophera nyama, za cikondi, ndi za mkazi wosakhulupirika. Zambiri mwa izi zinamcitikira mwini wace, makamaka za ukwati wace woyamba umene unamdzetsera cisoni cacikuru. Sanadzionetse wolungama, ndipo sanapemphe cifundo. Anangonena zinthu monga zinaliri. Kaimbidwe kace ka bouzouki kanali kotero komwe: mau ocepa, omveka limodzilimodzi, osathamanga. Womvera amene afuna liwiro la zala adzapeza ena oposa Markos. Wofuna kumva kulemera kwa liu liri lonse adzabwerera kwa iye kawirikawiri.

Zaka za Mabvuto

Pa 4 August 1936 Ioannis Metaxas anatenga ulamuliro wonse wa dziko, ndipo m'caka ca 1937 boma lace linalamula kuti nyimbo iri yonse iyambe yaonedwa ndi akuru a boma isanajambulidwe. Nyimbo zochula camba zinaletsedwa, pamodzi ndi maimbidwe ena a kum'mawa amene boma linawayesa acilendo. Markos anasintha mau a nyimbo zace, napitiriza kujambula za cikondi ndi za moyo wa amphawi, ndipo anthu sanaleke kuzigula.

Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse inadula zonsezi. Majeremani analowa m'Athens m'mwezi wa April 1941, kujambula mbale kunaima kufikira 1946, ndipo m'nyengo yozizira ya 1941 ndi 1942 njala inapha anthu zikwizikwi m'Athens ndi m'Piraeus. Mnzace Anestis Delias anafa m'caka ca 1944 akali mnyamata, atathedwa mphamvu ndi mankhwala oledzeretsa a heroin. Pakati pa mabvuto amenewa, m'caka ca 1942, Markos anakwatira mkazi waciwiri, Evangelia, mu Mpingo wa Orthodox, pakuti mpingo wa kwao sunalole kumasula ukwati woyamba. Cifukwa ca ici anacotsedwa pa masakramenti a Akatolika, ndipo anabwezedwa patapita zaka zambiri. M'banja laciwirili anapeza mtendere, nalera ana amuna atatu, Vassilis, Stelios ndi Domenikos.

Nkhondo itatha, panaoneka cizindikiro coyamba ca ulemu. M'mwezi wa January 1949 mnyamata wophunzira zoimbaimba, Manos Hadjidakis, anaimirira pamaso pa anthu ophunzira a m'Athens nawafotokozera kukoma ndi kuya kwa rebetiko, ndipo atatha kulankhula, Markos ndi mai woimba Sotiria Bellou anaimba pamaso pao. Ambiri anakwiya kuti nyimbo za m'makomboni zalowa m'nyumba yolemekezeka, koma ena anaturuka ndi makutu atsopano.

Ulemu umenewu sunampatse Markos cakudya. M'zaka za m'ma 1950 maimbidwe anasintha. Manolis Chiotis anachukitsa bouzouki ya nsambo 8, yoimbidwa ndi liwiro lalikuru, ndipo eni nyumba zazikuru za zakumwa anafuna oimba atsopano obvala bwino. Markos anayesedwa wacikale. Pamwamba pa izi matenda a nyamakazi anagwira zala zace. Munthu amene anatsegulira bouzouki khomo anafika poyendayenda m'tinyumba ta zakumwa, akuimba ndi kulandira tindarama m'mbale, kuti ana ace adye.

Kukumbukika Kwace

Cakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 zinthu zinatembenukanso. Mikis Theodorakis anagwiritsa nchito bouzouki poimba ndakatulo za olemba ochuka, ndipo ophunzira a m'masukulu akuru anayamba kufunsa kumene coimbiraci cinacokera. Vassilis Tsitsanis, katswiri wa mbadwo wotsatira, anathandiza kuti kampani ya Columbia ijambulenso nyimbo za Markos, zakale ndi zatsopano, ndi mau a oimba acinyamata monga Grigoris Bithikotsis. Nyimbozo zinamvekanso m'dziko lonse, ndipo nkhalambayo inaitanidwa kukaimba pamaso pa ana a anthu omwe aja amene kale anainyoza.

Markos anamwalira pa 8 February 1972, ali ndi zaka 66, atakhala zaka zambiri ku Nikaia, ndiyo Kokkinia ya othawa nkhondo ija. Sanasiye cuma. Mbiri ya moyo wace, imene anaisimba kwa Angeliki Vellou-Kail, inasindikizidwa iye atafa, ndipo iri umboni waukuru wa moyo wa amphawi a ku Piraeus. Mwana wace Stelios anapitiriza kuimba bouzouki ya nsambo 6 kufikira imfa yace m'caka ca 2019. M'caka ca 2017 bungwe la UNESCO linalemba rebetiko m'kaundula wa miyambo yofunika kusungidwa ndi anthu a dziko lonse lapansi.

Nyimbo zimene analemekezeka nazo pa mapeto zinali zomwe zija zimene ananyozedwa nazo pa ciyambi. Cimene cinasintha ndiwo makutu a omvera. Ku Ano Syros, mudzi umene anauthawa ali mwana poopa apolisi, kuli tsopano kanyumba kosungiramo zinthu zace ndi bwalo lochedwa ndi dzina lace, ndipo alendo akwera phirilo kukaona kumene anabadwira wosenda zikopa wa ku Piraeus.