Hugh Tracey, Wosunga Nyimbo za Mitundu (1903–1977)

Pa mathiriro a Luangwa, pamene mtsinjewo ulowa m'Zambezi, maiko atatu apenyana. Boma la Luangwa, limene kale linachedwa Feira, lili m'Zambia. Tsidya la Luangwa kuli Zumbo wa ku Mozambique, ndipo tsidya la Zambezi kuli Kanyemba wa ku Zimbabwe. Mwana wa sukulu wa kumeneko amamva Cikunda, Cinsenga ndi Cinyanja tsiku limodzi, koma nyimbo za zinenero zimenezi siziyenda mofanana. Munthu amene anatha moyo wace pofunafuna cifukwa ca kusiyana kotere kwa nyimbo za mitundu ndiye Bwana Hugh Tracey.

Iye anabadwira ku Devon, m'dziko la England, caka ca 1903. Ali mnyamata anadza ku Southern Rhodesia kudzathandiza mkulu wace kulima fodya. M'munda momwemo anaphunzira Cikaranga, nayamba kuimba pamodzi ndi anchito. Azungu anzace ambiri anayesa nyimbozo phokoso cabe, koma iye, pokhala anamva mau ace, anaona kuti muli nzeru. Caka ca 1929 anatenga oimba Acikaranga kunka nao ku Johannesburg, kumene nyimbo zao zinajambulidwa pa mbale za galamafoni.

Cinthu coyamba cimene anazindikira ndi ici, cakuti nyimbo imatsata cinenero. M'zinenero zambiri za Africa kukweza kapena kutsitsa liu kumasintha tanthauzo. Pa Cinyanja, mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa m'sitolo alembedwa cimodzimodzi, koma khutu liwasiyanitsa. Cifukwa cace wopeka nyimbo sakweza liu pomwe afunira, koma pomwe mau amlola. Ndipo mau akakakamizidwa m'maimbidwe acilendo amapotoka, womva nasokonezeka.

Cinthu caciwiri ndi cakuti nyimbo imatsata dziko. Achopi a ku gombe la nyanja ku Mozambique, amene iye analemba buku la nyimbo zao m'1948, amasema timbila zao ndi mtengo wa mwenje umene umera kwao. Azulu, anthu a ng'ombe ndi madambo a udzu, anakuza kuimba kwa pakamwa ndi kuponda pansi koposa ng'oma. Ndipo ingoma ya Angoni a ku Chipata, amene anaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo m'1835, isunga khalidwe lomwelo. Mtsinje nawonso ndi njira. Acikunda, amene anakwera Zambezi kucokera ku Tete ndi Sena monga asilikari, alenje a njobvu ndi opalasa ngalawa, anadza ndi cinenero ca pa ubale ndi Cinyungwe, nakhala pakati pa Ansenga odziwa kalimba.

Caka ca 1954 Bwana Tracey anakhazika nyumba yosungiramo nyimbo, International Library of African Music, ku Roodepoort. Anayenda maulendo atali ndi magalimoto onyamula makina, kufikira ku Congo ndi Uganda. Ku Nyasaland anajambula nyimbo za Acewa, Amang'anja ndi Ayao m'zaka za 1950, 1957 ndi 1958. M'1957 anatsikira ku cigwa ca Gwembe kukamva ng'oma ndi nyanga za Atonga, madzi a Kariba asanamize midzi yao ndi kusamutsa anthu ngati 57,000. Pa nchito yonseyi panaturuka mbale 210 zochedwa Sound of Africa, ndipo pa nyimbo iriyonse analemba cinenero ndi dera limene inacokera.

Anamwalira caka ca 1977. Mwana wace Andrew anasamutsira nyumba ya nyimbo ija ku Rhodes University m'1978.

Makina ace sanathe kufika m'mudzi uliwonse, ndipo nkhalamba ikamwalira nyimbo zace zimapita nayo kumanda. Mphunzitsi wa kumudzi ali nao mwai umene mlendo uja analibe, pakuti adziwa cinenero kucokera ku ubwana, ndipo oimba ali pakhomo pace. Ngati afunsa ana nyimbo za pamtondo, za m'ngalawa ndi za alenje, nalemba mau ace, cinenero cace, mudzi wace ndi nthawi yoiimbira, ana adzaleka kucita manyazi ndi za kwao, ndipo sukuluyo idzakhala nalo buku limene silipezeka m'sitolo.