Mbiri ya Malemu Big Mama Thornton, Mai Amene Liu Lao Linalowa mu Nyimbo za Rock

Akuluakulu amene anakulira ku Kanyama, Chibolya ndi Matero m'zaka za m'ma 1970 akali kukumbukira liu laukali la malemu Paul Ngozi ndi oimba ena a Zamrock. Kaimbidwe kameneko kanafika muno m'Zambia kudzera m'marekodi a magulu a rock a ku Britain ndi America. Koma mmodzi mwa amene anakayambitsa anali mai wakuda, Willie Mae Thornton, wodziwika ndi dzina lakuti Big Mama.

Mai Thornton anabadwa pa 11 December 1926 ku Alabama m'dziko la America. Atate ao anali abusa a mpingo wa Baptist, ndipo kuimba anayambira m'chalichi. Amai ao atamwalira, iwo anacoka pakhomo ali ndi zaka pafupifupi 14 ndi kulowa gulu la oimba oyendayenda la Hot Harlem Revue. Sanaphunzire nyimbo kusukulu. Kuliza ng'oma ndi harmonica anadziphunzitsa okha.

Mu 1948 anasamukira ku Houston, ndipo mu 1951 analembedwa ndi kampani ya Peacock Records. Mu August 1952, ku Los Angeles, anajambula nyimbo ya Hound Dog, yolembedwa ndi Jerry Leiber ndi Mike Stoller. M'nyimbo imeneyi mkazi akupitikitsa mwamuna womudyera masuku pamutu. Mai Thornton anaiimba ndi liu lakuya locokera m'cifuwa, uku abangula, uku akuwa, uku ayankhana ndi gitala. Itatuluka mu 1953, inakhala pa nambala wani kwa masabata 7 pa mndandanda wa nyimbo za rhythm and blues. Koma iwo anali kudandaula kuti analandirapo madola 500 cabe. Mu 1956 Elvis Presley anaiimbanso, marekodi ace nagulidwa mamiliyoni, ndipo ambiri anaiwala woyamba kuiimba.

Nyimbo ina, Ball and Chain, anailemba okha. Janis Joplin, mtsikana waciyera wa ku Texas, anawamva akuiimba ku San Francisco, ndipo anakaiimba pa cikondwerero ca Monterey mu June 1967. Kumeneko ndiye kumene Joplin anachukira. Iye sanabise kuti anatengera kwa Mai Thornton ndi kwa Bessie Smith: kukoka liu mpaka kusasa, kulira m'kati mwa nyimbo, ndi kukuwa mwadzidzidzi. Posapita nthawi kaimbidwe kotere kanamveka ndi kwa amuna, monga Robert Plant wa gulu la Led Zeppelin.

Mai Thornton anakaimba ku Ulaya mu 1965, ndipo kawirikawiri anali kukwera pa nsanja atavala zovala zacimuna, osasamala zonena anthu. Koma mowa unaononga thanzi lao. Anamwalira pa 25 July 1984 m'nyumba ya lendi ku Los Angeles, ali ndi zaka 57, alibe cuma. Dzina lao linalowa mu Rock and Roll Hall of Fame mu 2024, patapita zaka 40 cimwalirire.

Nkhani ya woimba kuchuka ndi kufa wosauka si yacilendo kwa ife kuno kwathu. Tsono omvera, mukamva gitala yaukali ndi liu losasa pa wailesi, kumbukirani mwana wa abusa wa ku Alabama.