Denis Burkitt, Dokotala wa Diso Limodzi Amene Analondola Chotupa cha Ana

Kwathu ku Phalombe, makamaka kumadera oyandikana ndi nyanja ya Chilwa, palibe amene sadziwa malungo. Koma ndi ochepa amene amadziwa kuti malungo omwewa amatsegulira njira khansa ina imene imatupitsa nsagwada kapena mimba ya mwana. Khansayi imatchedwa Burkitt lymphoma ndipo ndi imodzi mwa khansa zimene zimagwira ana kwambiri m'Malawi muno. M'nkhani ino ndifotokoza mbiri ya mwinidzinalo, komanso mmene funso lake losavuta, loti nthendayi imapezeka kuti, linathandizira akatswiri kumvetsa zochitika m'kati mwa selo la khansa.

Denis Parsons Burkitt anabadwa pa 28 February 1911 ku Enniskillen m'dziko la Ireland. Bambo ake anali injiniya amene ankakondanso kuveka mbalame timphete m'miyendo pofuna kudziwa dera limene mbalame iliyonse imakhala. Ali ndi zaka 11, Denis anavulala ndipo diso lake lakumanja linawonongeka. Izi sizinamufooketse. Analowa ku Trinity College mumzinda wa Dublin kukaphunzira uinjiniya, koma anasintha n'kuyamba udokotala umene anaumaliza mu 1935. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anali dokotala wa asilikali, ndipo mu 1946 anapita kukagwira ntchito ku Uganda.

Mu 1957, ali dokotala wa opaleshoni pachipatala cha Mulago ku Kampala, anaonetsedwa kamnyamata kotupa nsagwada mbali zonse. Posakhalitsa anaonanso mwana wina wodwala chimodzimodzi. M'malo mongoti zachitika mwangozi, iye anafufuza m'mabuku a odwala ndipo mu 1958 anasindikiza lipoti la ana 38. Kenaka anatumiza makalata ndi zithunzi kuzipatala za mu Africa, kufunsa ngati nakonso chotupachi chimaoneka.

Mayankho a m'makalata sanamukhutiritse. Chotero kumapeto kwa 1961 ananyamuka pa galimoto yakale ndi madokotala anzake awiri, Ted Williams ndi Cliff Nelson. Anayenda makilomita pafupifupi 16,000 m'masabata khumi, nayendera zipatala zoposa 50, kuphatikizapo za kuno ku Nyasaland. Anapeza kuti nthendayi imatsata nyengo. Kufupi ndi Uganda sinkaoneka m'madera okwera kupitirira mamita 1,500, pamene kuno malire ake anatsika kufika pafupifupi mamita 900. Odwala ankachokera kuzigwa zotentha ndi m'mbali mwa nyanja, osati kumapiri ozizira. Mapu akewo anafanana ndi a madera amene tizilombo touluka, monga udzudzu, timaswana kwambiri.

Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Miyezi ingapo ulendowu usanachitike, Burkitt anakamba za chotupachi ku London, ndipo mwa omvetsera munali Anthony Epstein, katswiri wofufuza mavayirasi. Epstein anapempha kuti azimutumizira zidutswa za zotupazo kuchokera ku Kampala. Mu 1964, iye pamodzi ndi Yvonne Barr ndi Bert Achong anapezamo vayirasi imene lero imatchedwa Epstein-Barr, yoyamba kudziwika kuti imayambitsa khansa mwa munthu. Koma popeza vayirasiyi ili mwa anthu ambiri padziko lonse, panafunika chifukwa china. Burkitt ndi anzake anafika poona kuti chifukwacho ndi malungo obwerezabwereza amene amasokoneza chitetezo cha m'thupi mwa mwana.

Zotsalazo anazitulukira ndi akatswiri a m'malabotale. Selo lililonse limalandira mauthenga oliuza nthawi yokula ndi yoleka. Mu 1982 kunadziwika kuti m'chotupa cha Burkitt, jini yotchedwa MYC imachoka pamalo pake pa kromozomu 8, ndipo kawirikawiri imakalumikizika ku kromozomu 14. Kumeneko imagwira ntchito kosalekeza, ngati mpopi wakufa wosatsekeka. Selo limamva uthenga umodzi wokha, woti ligawikane, ndipo limayamba kudya shuga wochuluka kuti lipeze zomangira maselo atsopano. Dyera la shugali analiona kale Otto Warburg wa ku Germany m'zaka za m'ma 1920. N'chifukwa chake chotupachi chimakula msanga kuposa pafupifupi khansa ina iliyonse.

Liwiro lomwelo ndilo kufooka kwake. Burkitt anayesa mankhwala opha maselo ogawikana msanga, monga methotrexate ndi cyclophosphamide, ndipo anaona zotupa zikuphwa, ana ena n'kuchiriratu. Anachoka ku Uganda mu 1966 kupita ku England, komwe anafufuzanso za ubwino wa zakudya zosakonola, zonga mgaiwa wathu. Anamwalira pa 23 March 1993.

Pomaliza, Burkitt sanali katswiri wa maselo ndipo analibe makina odula. Anali ndi diso limodzi, mapu ndi chizolowezi chofunsa. Kwa ife a ku Phalombe phindu la ntchito yake ndi loonekeratu. Mwana akatupa tsaya kapena mimba mofulumira, tisataye nthawi poganizira dzino kapena ufiti. Tithamangire naye kuchipatala, pakuti ana odwala khansayi amalandira mankhwala ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo wofika msanga ndiye amakhala ndi mwayi waukulu wochira.