Louis wa ku Montfort Woyera, wansembe amene adamugumulira phiri

Ife a ku Balaka dzina loti Montfort tidalizolowera, poti parishi yathu ndiponso nyumba yosindikiza mabuku ya Montfort Media zimadziwika ndi dzinali. Komatu Montfort ndi tauni yaing'ono ya m'chigawo cha Brittany m'dziko la France. Kumeneko ndi kumene Louis-Marie Grignion adabadwira pa 31 January 1673.

Ali ndi zaka 12 adakayamba sukulu ya ansembe a chipani cha Jesuit ku Rennes. Atamva kuitana kwa Mulungu, adayenda pansi makilomita opitirira 300 kupita ku Paris kukaphunzira zaunsembe, ndipo m'njira adagawira amphawi ndalama ndi zovala zake. Adadzozedwa unsembe mu June 1700. Ku Poitiers, kumene ankatumikira odwala ndi osauka m'chipatala, adayambitsa chipani cha asisitere cha Daughters of Wisdom pamodzi ndi Marie-Louise Trichet m'chaka cha 1703.

Anthu wamba ankamukonda, koma akuluakulu ena ankamuona ngati wansembe wonyanya, mpaka kumuletsa kulalika. Choncho mu 1706 adayendanso pansi kukafika ku Rome. Iye ankalakalaka kukalalika kumaiko akutali, koma Papa Clement XI adamuuza kuti abwerere, ntchito ili kwao komweko. Pobwerera adakapemphera ku Mont Saint-Michel, tchalitchi chotchuka chomangidwa pamwamba pa thanthwe limene madzi a m'nyanja amalizungulira akakwera.

Nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya ku Pontchâteau, pafupi ndi mzinda wa Nantes. Mu 1709 Bambo Montfort adapempha akhristu kuti aunde phiri la Kalvario pachigwa. Amuna, amai ndi ana mazanamazana ankakumba dothi ndi kulituta osalipidwa kanthu, kwa nthawi yopitirira chaka chathunthu. Pamwamba adaimikapo mitanda itatu, ndipo pozungulira adabzala mitengo 150 yoimira Tikuoneni Maria wa pa kolona. Mwambo wodalitsa malowo udayenera kuchitika pa 14 September 1710, koma dzulo lake kudabwera uthenga wa Episkopi wa ku Nantes woletsa mwambowo. Montfort adayenda usiku wonse kukapepesa kwa Episkopiyo, koma sizidathandize. Nthawi imeneyo France inali pankhondo ndi England, ndiye adani ake adanena kuti asilikali a ku England angathe kubisala paphiripo. Mfumu Louis XIV idalamula kuti phirilo ligumulidwe.

Ndikaganiza thukuta lonse lija, ndimadzifunsa kuti ine ndikadatani. Iye sadanyoze Episkopi wake, sadavulenso mkanjo. Adakabindikira masiku angapo kwa ansembe a Jesuit ku Nantes, kenaka n'kupitiriza kulalika m'midzi ya kufupi ndi La Rochelle. Akatopa ankakapemphera m'phanga la m'nkhalango ya Mervent. Adamwalira pa 28 April 1716 ku Saint-Laurent-sur-Sèvre ali ndi zaka 43, atangopeza ansembe awiri ndi abulazala ochepa omutsata.

Zipatso zidaoneka iye atagona kale. Phiri la ku Pontchâteau adaliundanso mu 1821, ndipo anthu amapitako kukapemphera. Buku lake lonena za kudzipereka kwa Maria Virigo Woyera lidapezeka mu 1842. Papa Pius XII adamulengeza kuti ndi woyera mu 1947, ndipo Papa John Paul II adakapemphera pamanda ake mu 1996. Maiko akutali amene iye adalephera kupitako adafikako ndi ana ake. Mu 1901 Abambo Pierre Bourget, Augustin Prézeau ndi Anton Winnen adatsegula mishoni ya Nzama ku Ntcheu, ndipo mu 1908 idatsegulidwa ya Utale, kumene odwala khate adadzapeza chisamaliro.

Anzanga a m'seminale, nafenso mapiri athu amagumuka: mayeso kutikanika, fizi kusowa, mnzathu wapamtima kubwerera kumudzi. Pamenepo mtima umafuna kulongedza katundu. Tisafulumire kunena kuti Mulungu watikana. Inu makolo ndi abambo otiphunzitsa, muzitipempherera kuti zikativuta tizigwada kaye monga adachitira Montfort, kenaka tidzuke n'kugwiranso khasu.